Funsani Tikuyankheni: Pulasitiki Akapyapyala Kwambiri, Mkati Mwake Mumachitika Chiyani?

Mwezi uno talandira makalata atatu ochokera m'boma la Kasungu, ndipo ngakhale kuti eni ake sadziwana, onse akufunsa za chinthu chimodzi. Tawaika pamodzi chifukwa yankho la kalata yoyamba ndilo maziko a mayankho a makalata enawo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Santhe. Pophunzitsa za mapolima, zinthu za mamolekyulu aatali ngati maunyolo, ndinauza ana kuti mchere ndi shuga ndizo zimaundana mwadongosolo n'kupanga ma crystal, pamene pulasitiki ndi mulu chabe wa maunyolo opiringizana. Mtsikana wina anandifunsa chifukwa chimene jumbo imaonekera ya mbuu pamene botolo la madzi limaonetsa za mkati ngati galasi. Anatinso achimwene ake a ku yunivesite anamuuza kuti pulasitiki akapakidwa mopyapyala kwambiri pa galasi amasintha khalidwe. Ndinamulonjeza kuti ndifufuza. Kodi zoona zake n'zotani?

YANKHO: Aphunzitsi, munachita bwino kumulonjeza mwanayo m'malo momukhalitsa chete, ndipo mukabwerera m'kalasi mudzayenera kubweza theka la mawu anu. Mapulasitiki ambiri amene timagwira tsiku ndi tsiku ali ndi ma crystal mkati mwake, kungoti ndi aang'ono kwambiri ndipo sadzaza chinthu chonsecho monga zimakhalira ndi njere ya mchere.

Jumbo imapangidwa ndi polyethylene, imene molekyulu yake ndi unyolo wa maatomu a kaboni olumikizana motsatizana, atomu iliyonse itanyamula maatomu awiri a haidrojeni. Pamene Hermann Staudinger wa ku Germany ananena mu 1920 kuti mamolekyulu aatali chotere alipodi, akatswiri anzake ambiri anamutsutsa, ndipo mphoto ya Nobel anadzailandira mu 1953. Kuti tiyende limodzi, tiyambe tagwirizana za miyeso. Milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000, ndipo micron imodzi ili ndi mananomita 1,000. Tsitsi la munthu limachindikala ma micron a pakati pa 50 ndi 100. Unyolo wa polyethylene wokhala ndi maatomu a kaboni 7,000, umene si wachilendo konse, utawongoledwa ungatalike pafupifupi mananomita 900, pamene kunenepa kwake ndi theka la nanomita. Ukadakhala chingwe chomangira mbuzi chonenepa sentimita imodzi, bwenzi ukutalika mamita 18. Tsono ganizirani zingwe zoterezi miyandamiyanda zitaponyedwa m'nkhokwe imodzi, zonse zikuphiriphitha. Ndi mmene alili pulasitiki wosungunuka.

Pulasitikiyo akayamba kuzizira, zigawo za maunyolo zimafuna kugona moyandikana ndi molunjika, chifukwa zikatero zimakokana mwamphamvu ndipo zimakhazikika. Vuto n'lakuti unyolo wautali chonchi ulibe nthawi yoti udzimasule wonse kwa anzake ndi kuwongoka kuchokera kumutu mpaka kumchira. Chimene umachita chinaonekera poyera mu 1957, pamene Andrew Keller wa pa yunivesite ya Bristol ku England anasungunula polyethylene pang'ono m'mankhwala otentha, n'kuisiya kuti izizire mwapang'onopang'ono. Anapeza timapale tathyathyathya, totambalala ma micron angapo koma tochindikala mananomita 10 okha, ndipo atatipima anaona kuti maunyolo sanagone motsatira utali wa kaphaleko, koma anaimirira modutsa kuchindikala kwake. Unyolo wa mananomita mazanamazana sungaime chilili m'kaphale ka mananomita 10 pokhapokha utapindika, kupita ndi kubwerera, monga mmene wogulitsa nsalu pamsika wa pa Kasungu amapindira chitenje chachitali kuti chikwane pa benchi. M'chaka chomwecho ofufuza ena awiri, Fischer ku Germany ndi Till ku America, anaonanso timapale tomweti. Asayansi amakatcha kaphaleka lamella. Chinthu chofunika kuchigwira bwino, chifukwa tibwereranso kwa icho, n'chakuti kaphaleka kali ngati bulashi yopolishira nsapato: bulashiyo ndi yathyathyathya, koma ubweya wake umaima modutsa.

M'pulasitiki wochindikala timapaleti timayambira pa kamalo kamodzi, kawirikawiri pa kachitsotso ka fumbi kapena kotsalira ka mankhwala, n'kumakula kupita mbali zonse, tikugawikana ndi kutambasuka mpaka titapanga kampira kotchedwa spherulite. Timipirati timakula mpaka titagundana. Pakati pa kaphale ndi kaphale pamatsala zigawo za maunyolo zimene zinalephera kulowa m'dongosolo, ndipo maunyolo ena amatuluka m'kaphale kamodzi n'kukalowa m'kena, kukhala ngati luzi lomangirira zonse pamodzi. N'chifukwa chake pulasitiki amakhala wolimba koma wopindika, pamene mchere umangophwanyika. Mu polyethylene yofewa, imene maunyolo ake ali ndi nthambi zambiri, gawo ladongosolo limakhala pafupifupi theka, ndipo imasungunuka pa madigiri pafupifupi 110. Mu polyethylene yolimba ya zigubu, imene maunyolo ake ndi osalala, gawolo limapitirira magawo 60 pa 100 aliwonse, ndipo imasungunuka pa madigiri pafupifupi 130.

Apa ndiye pali yankho la mtsikanayo. Kuwala kumayenda mosiyana m'gawo ladongosolo ndi m'gawo losokonezeka, ndipo timipira tija tikakula kufika pa msinkhu wa mafunde a kuwala, amene ndi mananomita 400 mpaka 700, kapena kupitirira apo, timakumwaza kuwalako mbali zonse. Timapangitsanso pamwamba pa pepala kukhala pa mabampumabampu osaoneka ndi maso, ndipo jumbo imaoneka ya mbuu. Botolo la madzi ndi la polima ina yotchedwa PET, imene ndi yaulesi pa nkhani ya kuundana. Kufakitale amaiziziritsa mofulumira isanapeze mpata wopanga timipira, kenako amaifufumitsa ndi mpweya, ndipo ma crystal amene amabadwa pokokedwapo ndi aang'ono kwambiri moti kuwala kumangodutsa. Mungathe kuwaonetsa ana zimenezi panja pa kalasi. Dulani kukamwa kwa botolo, pamene pali mazinga otsekerapo, mukugwire ndi waya pamwamba pa makala patali ndithu kuti kusapse. Pakapita kanthawi pulasitiki woonekera uja amayera ngati mkaka, osati chifukwa wapsa, koma chifukwa kutentha kwapatsa maunyolo ufulu wosuntha ndipo apanga timipira timene anamanidwa kufakitale.

Tsopano tifike pa mawu a achimwene ake aja, amene ndi oona. Ofufuza amasungunula polima m'mankhwala, n'kudonthezera dontho limodzi pa kagalasi kapena pa kaphanthi kosalala ka silikoni kamene kakuzungulira mothamanga kwambiri. Madziwo amamwazika ndi kuuma, n'kusiya kansalu ka polima kamene kuchindikala kwake angathe kukusankha, kuyambira mananomita mazana angapo mpaka ochepera 10. Kansalu kotere kali ndi malire awiri oyandikana kwambiri, pansi chinthu cholimba, pamwamba mpweya, ndipo pafupifupi unyolo uliwonse umakhudza limodzi mwa malirewo kapena onse awiri. Unyolo wa maatomu 7,000 uja ukadzipiringiza mwaufulu umatenga malo a mananomita makumi angapo, kotero kansalu kopyapyala kuposa apo kamaufinya ngati mtanda wa mandasi pansi pa chikhatho.

Choyamba kusintha ndi kampira kaja. Popeza kulibe kokulira kumwamba kapena pansi, kamasanduka kambale kozungulira kotambalala cham'mbali mokha. Kansalu kakapitiriza kupyapyala, funso limakhala lakuti timapale tigona bwanji. M'tinsalu tochindikala mananomita mazana angapo, timapale timakonda kuima cham'mbali ngati mabuku pa shelefu, ndipo pamenepo maunyolo amakhala atagona motsatira galasi. M'tinsalu ta mananomita ochepera 100, kawirikawiri timapale timagona chathyathyathya, ndipo mukakumbukira bulashi ija muona kuti pamenepo maunyolo ndiye aimirira. Zikumveka zokhota, komabe ndi mmene zilili: kaphale kakagona maunyolo aima, kaphale kakaima maunyolo agona. Chifukwa chimodzi n'chosavuta kuchimva. Kaphale koima cham'mbali kamagunda denga msanga, pamene kogona kangathe kutambalala ma micron ambirimbiri popanda chotchinga. Kutentha kumene ma crystal akukulirapo kumalowereraponso, ndiponso mmene polima ikumamatirira pa chinthu chimene yapakidwapo.

Kumene nkhaniyi imakomera kwenikweni ndi pamene kansalu kapyapyala kuposa kaphale kenikeniko. Tinene kuti kansalu ndi ka mananomita 5, pamene kaphale kamafuna mananomita 10 kuti kakhazikike. Aliyense amene anaungapo mizere ya fodya kapena ya chimanga amadziwa kuti dothi la mzere silichokera kumwamba. Limachokera m'mbali, ndipo mzere ukamakwera m'mbali mwake mumatsala khwawa. N'chimodzimodzi pano. Kaphale kamakoka maunyolo oyandikana nako kuti kadziunjikire, n'kusiya malo opanda kanthu kuzungulira m'mphepete mwake, ndipo maunyolo ena ayenera kukwawa pa galasi kuchokera patali kuti afike. Nsonga iliyonse imene yatsogola pang'ono ndiyo imayamba kukumana ndi maunyolo akubwerawo, motero imakula kuposa malo otsalira m'mbuyo, kenako imagawikana, nthambi zake n'kugawikananso. M'malo mwa kampira kapena kambale, pamabadwa chithunzi chooneka ngati mizu ya mtengo, kapena timitsinje tothira mu Bua mukationa pa mapu. Günter Reiter wa ku Mulhouse m'dziko la France ndi mnzake Jens-Uwe Sommer anafotokoza za zala zoterezi mu 1998. Kutentha kukakhala kokwererapo, maunyolo amapeza nthawi yosankha malo abwino ndipo zalazo zimanenepa. Kukakhala kozizira, unyolo umamatirira pamene wafikira, ndipo nthambi zimakhala zowonda ndi zambiri. Zonsezi amaziona ndi makina otchedwa atomic force microscope, amene Binnig, Quate ndi Gerber anapanga mu 1986. Makinawa saona ndi kuwala, koma amapapasa pamwamba pa chinthu ndi kansonga kakuthwa kwambiri, monga wakhungu amawerengera zilembo ndi chala.

Pali nkhani inanso ya poyambira. Ndanena kale kuti crystal imafuna kachitsotso koti iyambirepo, monga uchi wa m'botolo umayambira kuuma pamene pali kanjere ka shuga. M'chigubu chochindikala tizitsotso n'tambiri, ndipo crystal ikayamba pamodzi imafalikira. Koma kansalu kopyapyala nthawi zina kamang'ambika kokha n'kudziunjika m'timadontho tosakhudzana, ngati mame pa tsamba la nthochi, ndipo timadontho tambiri timapezeka tilibe kachitsotso ngakhale kamodzi. Ofufuza a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anaonetsa zimenezi ndi polima yotchedwa polyethylene oxide, imene imasungunuka pa madigiri pafupifupi 65. Timadontho tokhala ndi kachitsotso tinauma msanga, pamene toyera tinakhalabe tamadzi mpaka kuzizira kutatsika pansi pa digiri 0. Mbali ina, chinthu chimene polima yapakidwapo chingathe kukhala poyambira pabwino koposa, ngati maatomu ake andandalikana motalikirana mofanana ndi mmene maunyolo amafunira. Polyethylene ikaundana pa njere yosalala ya mchere, maunyolo ake amagona motsatira mizere ya maatomu a mcherewo. Pa graphite, yemweyo wa mkati mwa pensulo, ofufuza a ku Halle m'dziko la Germany anaonetsa mu 2014 kuti kansalu ka mananomita ochepa ka polyethylene kokhudza graphite kamakhala kadongosolo ngakhale pa kutentha kumene polyethylene yotsalayo idakali yosungunuka.

Za liwiro, zimene zimaoneka kawirikawiri n'zakuti ma crystal amakula mochedwa kansalu kakapyapyala kwambiri, chifukwa maunyolo okhudza galasi amamatirira m'malo ambiri ndipo amavutika kusuntha, ndipo nthawi zina salowa n'komwe m'dongosolo. Maunyolo a pamwamba, okhudzana ndi mpweya, ndiwo amakhala omasuka kuposa a mkati. Mu 1994 Keddie, Jones ndi Cory a ku Cambridge anapeza kuti polystyrene, imene imafewa pa madigiri pafupifupi 100, imayamba kufewa pa kutentha kocheperapo ikakhala m'kansalu ka mananomita makumi ochepa. Mphamvu ziwirizi, ya pansi yogwira ndi ya pamwamba yomasula, zimakokana, ndipo yopambana imadalira polima yake ndi chinthu chimene yapakidwapo. Mwa ichi ndikukulangizani, aphunzitsi, kuti musawapatse ana lamulo limodzi loloweza pamtima lakuti kupyapyala kumachedwetsa kapena kumafulumizitsa. Aphunzitseni kufunsa kuti kansaluko n'kochindikala bwanji poyerekeza ndi kaphale, ndiponso kagona pa chiyani.

Ngati pasukulu panu pali maikulosikopu ngakhale yakale, sungunulani kachidutswa ka kandulo pakati pa timagalasi tiwiri, mutifinye, n'kuona tizingano ndi timapale tikumera pamene kandulo akuzizira. Auzeni ana kuti kandulo ndi mng'ono wake wa polyethylene, wa maunyolo a maatomu a kaboni 20 mpaka 40 okha, amene ndi aafupi moti amaima osapindika. Keller yemwe uja ndi anzake anaonetsa mu 1985 kuti kupindika kumayamba unyolo ukafika maatomu a kaboni pafupifupi 150.

FUNSO: Ndine mnyamata wa Fomu 4 ku Chamama, ndipo Loweruka ndimathandiza amayi kugulitsa tomato. Ndinamva kuti boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60. Kodi jumbo yopyapyala imang'ambika msanga chifukwa mamolekyulu ake ndi ofooka? Nanga n'chifukwa chiyani imang'ambika mosavuta mbali imodzi, koma mbali inayo imangotamuka?

YANKHO: Mwanawe, mamolekyulu a jumbo yopyapyala ndi omwewo a m'chigubu chimene amayi amatungira madzi, ndipo sanafooke ayi. Ukawerenga yankho lili pamwambali usafulumire kuganiza kuti jumbo yako ndi imodzi mwa tinsalu timene asayansi aja amafufuza. Ma micron 60 ndi mananomita 60,000. Ngakhale jumbo ya ma micron 10, imene imaphulika ndi mulu umodzi wa tomato, ndi ya mananomita 10,000, ndipo timapale mazanamazana tingathe kusanjikizana m'kuchindikala kwake. Kwa ife ndi yopyapyala, koma kwa unyolo wa polyethylene ndi chipinda chachikulu. Imang'ambika msanga pa chifukwa chomwecho chimene luzi lowonda limadukira msanga kuposa lonenepa: zonyamula katundu n'zochepa, ndipo kabowo kakang'ono kamakhala chiyambi cha kung'ambika. Lamulo la mu 2015 lija, limene khoti lalikulu la apilo linalivomereza mu 2019 makampani opanga mapulasitiki atalitsutsa, silinakhazikitsidwe chifukwa cha mamolekyulu. Linabwera chifukwa jumbo yotere imagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, kenako imatseka ngalande, imakwiririka m'minda ndiponso imadyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe.

Funso lako lachiwiri ndilo landikondweretsa, chifukwa ukunena zimene waona ndi manja ako. Kufakitale pulasitiki wosungunuka amatuluka pa kamwa lozungulira ngati mphete, ndipo amamuuzira mpweya mkati kuti afufume ngati chibaluni chachitali, uku makina akumukokera kumwamba. Chakumunsi chibalunicho chimaoneka chonyezimira ndi choonekera, koma pamtunda pang'ono pamakhala mzere pamene chimasanduka cha mbuu mwadzidzidzi, ndipo pamenepo ndi pamene ma crystal akubadwira. Popeza akubadwa pulasitiki ali mkati mokokedwa, maunyolo ena amakhala atawongoledwa kale motsatira kumene makina akukokera, ndipo timapale timamera pa iwo motsatizana ngati nyama zotungidwa pa kamtengo. Motero jumbo imatuluka ili ndi msempha wake, monga thabwa kapena nzimbe. Kung'ambika kotsatira msemphawo kumangodutsa pakati pa mizere, pamene kung'ambika kodutsa msemphawo kuyenera kulimbana ndi maunyolo enieniwo.

Ukafuna kuona zimenezi poyera, solola kaulusi kamodzi pa thumba la feteleza. Kaulusiko ndi ka polypropylene, polima imene Giulio Natta wa ku Italy anaipanga mu 1954 m'njira yoti maunyolo ake athe kugona mwadongosolo, ndipo kufakitale amakakoka kangapo kuposa utali wake woyamba. Ndi chikhadabo chokha ungathe kukagawa motsatira utali wake n'kupeza timaulusi tambiri, koma ukayesa kukadula pokoka kakucheka chala. Tenganso kachidutswa ka jumbo yochindikala, ukakoke mwapang'onopang'ono. Uona pakati pakuwonda n'kupanga khosi, ndipo khosilo likamatalika limalimba kuposa poyamba. Pamenepo timapale tagumuka, ndipo maunyolo opindika aja awongoka n'kundandalikana kumene iwe ukukokera.

FUNSO: Ndine mayi wolima chimanga ndi soya kwa Chulu. Zaka zitatu tsopano ndimasunga chimanga m'matumba a PICS osathira mankhwala, ndipo anankafumbwe amafa. Ndimadabwa kuti kapepala ka pulasitiki kamatseka bwanji mpweya, komanso chifukwa chimene thumba lakunja limanyenyeka ndikaliiwala padzuwa. Kodi sangapange mapepala opyapyala kuti mtengo utsike?

YANKHO: Mayi, matumba amenewa, amene anachokera ku kafukufuku wa yunivesite ya Purdue ku America, ali ndi mapepala awiri a mkati a polyethylene yolimba, lililonse lochindikala ma micron 80, ndi thumba lakunja loluka la polypropylene. Mukamanga bwino kukamwa, anankafumbwe amene analowa ndi chimanga amapuma mpweya wa okosijeni umene unatsekeredwamo mpaka utachepa, ndipo amaleka kudya ndi kuswana, kenako amafa. Chofunika n'chakuti mpweya wakunja uzilowa mochedwa kuposa mmene iwo akuumalizira.

Pepala la pulasitiki silitseka mpweya kotheratu. Okosijeni amalowerera m'gawo losokonezeka lija, mmene maunyolo ali otayana ndipo akugwedezeka, n'kumasuntha kuchoka pa kampata kena kupita pa kena. M'kaphale kadongosolo ndimo sangadutse, chifukwa maunyolo athinana kwambiri. Kaphale kalikonse kali ngati njerwa imene mpweya uyenera kuizungulira, ndipo njerwa zikachuluka njira imatalika. Ndicho chifukwa polyethylene yolimba, ya ma crystal ambiri, imatseka mpweya bwino kuposa yofewa.

Pa funso lanu lomaliza ndi pamene kafukufuku wa tinsalu topyapyala amayandikira nkhokwe yanu. Si kuchuluka kwa njerwa kokha kumene kumagwira ntchito, komanso kagonedwe kake. Kaphale koima cham'mbali kamasiya mpweya kudutsa m'mbali mwake molunjika, pamene kogona chathyathyathya kamatchinga njira ngati lata padenga. Mu 2009 gulu la Eric Baer ndi Anne Hiltner pa yunivesite ya Case Western Reserve ku Cleveland, America, linapanga pepala losanjikiza tinsalu masauzande ta mapolima awiri mosinthanasinthana. Pamene tinsalu ta polyethylene oxide tinafinyidwa kufika mananomita pafupifupi 20, kansalu kalikonse kanaundana kukhala timapale totambalala kwambiri togona chathyathyathya, ndipo mpweya wodutsa m'polimayo unachepa pafupifupi ka 100. Sanawonjezemo mankhwala alionse. Anangochepetsa malo, maunyolo n'kusankha okha kagonedwe kena. Nzeru yomweyi ya kuima kapena kugona kwa maunyolo ndi imene amalimbana nayo opanga masola ndi zipangizo zamagetsi za pulasitiki, chifukwa magetsi nawonso amayenda bwino mbali imodzi ya crystal kuposa inzake.

Komabe musayembekezere thumba lotere pamsika wa kwa Chulu chaka chamawa. Polima ya m'kafukufuku uja imasungunuka m'madzi, ndipo makina osanjikiza tinsalu masauzande ndi odula. Kuwonjezera apo, ma micron 80 aja sali pamenepo chifukwa cha mpweya wokha. Pepala liyenera kupirira nsonga za chimanga, zitsotso, kukwezedwa pa njinga ndi pa ngolo, ndiponso mano a tizilombo. Bowo limodzi la singano limalowetsa mpweya wambiri kuposa umene umalowerera m'pepala lonse labwino, ndipo pamenepo kagonedwe ka timapale sikathandizanso kanthu. Musanathire chimanga chaka chino, kolani mpweya m'pepala lililonse, mufinye kukamwa ndi dzanja, mulikanikize pang'ono n'kumvetsera ngati likutulutsa mpweya.

Kunyenyeka kwa thumba lakunja nakonso n'kwa m'nkhani yomweyi. M'kuwala kwa dzuwa muli gawo losaoneka ndi maso lotchedwa UV, limene pothandizana ndi okosijeni limadula maunyolo. Popeza okosijeni amafika m'gawo losokonezeka lokha, amene amaduka ndi maunyolo a luzi aja omangirira kaphale ku kaphale. Zidutswa zomasukazo zimapeza mpata wolowa m'dongosolo, kotero thumba lokalamba padzuwa limakhala ndi ma crystal ambiri kuposa latsopano, koma opanda chowamangirira. Polypropylene imagonja msanga ku dzuwa kuposa polyethylene, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala thumba losiyidwa pa tsindwi la khola limayamba kuoneka lotuwa, kenako mukaligwira limasiya ufa woyera m'manja. Ufa umenewo si kuti pulasitiki wawola ngati manyowa. Ndi pulasitiki yemweyo m'tizidutswa ting'onoting'ono, timene timatsalira m'dothi. Matumba anu muziwasanjika pa matabwa m'chipinda chamthunzi, kutali ndi zenera ndi khoma, ndipo opanda kanthu muwapinde n'kuwasunga m'mwamba mmene makoswe safika.